Pomwe Thukuta Silinafike

Ndinkati ndi mwano.
M'mawa uliwonse ku Mokhotlong,
chisanu chikadali mbuu pa waya wa mpanda,
ndikangotulukira ndi chishalo pamkono
Phoka ankagoneka makutu kumbuyo,
n'kupalasa pansi ndi chiboda.
Ndikakoka lamba wa pamimba,
mano ake khathu! pa jekete yanga.
Ndinkamukalipira: iwe, ana akudikira katemera kuseri kwa phiri,
ulesi wakowu ukauze ena.

Chishalocho chinali cha bambo anga.
Anachigula ndi ndalama za kumigodi,
chikopa chofiirira, chonunkha fodya ndi mvula.
Zaka khumi ndi zinayi chinakhala pa hatchi yawo,
yowonda, yamsana wosongoka ngati denga.
Phoka ndi wobulungira ngati mgolo.
Ine sindinaganizepo.
Cha bambo n'cha bambo, chingalakwe bwanji?

Potsika ku Khubelu anayamba kudodoma,
mapazi afupiafupi, mutu m'mwamba.
Ndinawonjezera bulangete.
Anapunthwa kawiri pamiyala.
Ndinawonjezera lina.

Ntate Sekhonyana amasoka zikopa kuseri kwa chigayo.
Ali ndi diso limodzi, ndipo sakonda malonje.
Sanayang'ane chishalo.
Anati, chotsani zonse, tione zomwe walemba.
Msana wonse unali chonyowa, thukuta lakuda,
koma kumbuyo kwa mapewa, uku ndi uku,
panali pouma pawiri,
pakepake ngati chikhatho cha mwana.
Apa, anatero, mpomwe mtengo wa chishalo ukupana.
Khungu lapanikizika mpaka laiwala kutuluka thukuta.
Anadinapo ndi chala, pang'ono chabe,
ndipo Phoka anafwamphuka, msana n'kubwafuka,
diso lake loyera lili pa ine.

Nanga mabulangetewa?
Mayi, nsapato ikathina
mumavala sokosi ziwiri?

Ndine namwino.
Khanda losayankhula ndimalimva:
momwe lapindira miyendo, momwe lakanira bere,
liwombo likalowa m'kati ndimadziwa.
Ndimadzudzula amayi amene amati mwana akungovuta.
Koma miyezi isanu ndakhala pamwamba pa ululu,
ndikuumenya ndi zidendene,
ndikuutcha mwano.

Anapinda waya pamsana pake,
n'kuujambula ndi pensulo pa katoni ya sopo,
pamapewa, pakati, cha kuchiuno,
mizere itatu yosafanana ndi ya hatchi ina iliyonse.
Anandiphunzitsa kulowetsa dzanja pansi pa chikopa:
lizidutsa osakodwa,
zala zitatu pamwamba pa kalinunda,
ndipo ukasuzumira kumbuyo, uziona kuwala kutsogolo.
Fupa la msana silisenza munthu, anatero,
imasenza ndi minofu ya m'mbali.
Mubwerenso dzinja likatha.
Udzu ukamera anenepa,
ndipo msana wa lero sudzakhala wa mawa.

Milungu isanu ndi umodzi Phoka anapuma.
Bokosi la katemera ndinalibereka ndekha,
kukwera mtunda wa Senqu wapansi,
chipale chofewa chikulowa m'nsapato.
Lamba mmodzi anali wamfupi.
Pofika pamudzi wachitatu phewa linali moto,
ndipo mnyamata wina woweta nkhosa
atangolikhudza pondithandiza kutula,
ndinatsala pang'ono kumuluma.

Chishalo chatsopano si chokongola.
Ulusi wake ndi wamitundu iwiri,
m'kati mwake muli ubweya wa nkhosa za mlamu wake.
Koma dzulo titafika pachipatala,
nditachichotsa,
thukuta linali lofanana msana wonse,
ngati nthaka imene mvula yaigwera bwino.

Pouma paja pamera ubweya woyera.
Sudzabwereranso kuda, akutero Ntate.
Ndimapagwira m'mawa ndisanamange lamba,
iye n'kutembenuza khosi,
mpweya wake wofunda n'kundipeza m'khutu.

Cha bambo chili pamsomali, kuseri kwa chitseko.
Ndimachipakabe mafuta.
Chikudikira hatchi yowonda.